Chithunzi cha ku Paris ndi Chithunzi cha ku Walale: Mtengo Umachokera Kuti?

Mu Epulo 2005, mayi wina wachikulire wa ku France, Françoise Bornet, anatulutsa chithunzi chimene anasunga kwa zaka 55 n'kukachipereka ku nyumba ya okushoni ya Artcurial mumzinda wa Paris. Chinali chakuda ndi choyera, chojambulidwa ndi Robert Doisneau mu 1950 pa ntchito imene anamutuma a magazini ya Life. M'chithunzimo mnyamata ndi mtsikana akupsompsonana pamsewu, anthu akudutsa osawalabadira, kumbuyo kukuoneka nyumba ya khonsolo ya mzindawo. Mtsikanayo anali mayi Bornet amene, pa utsikana wawo. Akatswiri ankayembekezera mayuro 15,000 mpaka 20,000. Pamene wogulitsa ankamenya kanyundo kake patebulo, mtengo unali utafika mayuro 155,000.

Chodabwitsa n'chakuti chithunzi chomwechi chinali kale paliponse. Chinali chitasindikizidwa pa mapositala ndi mapositikhadi miyandamiyanda, ndipo aliyense akanatha kugula lake ndi ndalama ya m'thumba. Komanso kuyambira mu 1993 dziko linkadziwa kuti awiriwo sanajambulidwe mwadzidzidzi: nkhani itafika kukhoti, Doisneau anaulula kuti anachita kuwapempha ophunzira za zisudzo awiri kuti apsompsonane iye akujambula. Nanga wogula uja analipira chiyani? Analipira pepala lenilenilo, limene Doisneau anatsuka m'masiku omwewo, n'kulidinda chidindo chake kumbuyo, n'kulipereka m'manja mwa mtsikana wa m'chithunzimo, amene sanalitaye kufikira tsiku la okushoni.

Funsoli lili ndi malo ake ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi, ngakhale kuti m'zaka za m'ma 1950 maderawa sanali mizinda. Zithunzi za m'mizinda zinkafika kuno pa positi ndi m'masutikesi. Amuna ambiri a m'midzi ya mafumu Kawaza, Mbang'ombe, Kathumba, Nyanje ndi Pembamoyo ankapita ku walale kukafuna ndalama ya msonkho, njinga ndi nsalu. Ena ankakwera malole a Ulere, amene boma la Southern Rhodesia linkanyamulira antchito osalipiritsa, n'kukathera ku Salisbury, ku Bulawayo kapena m'mafamu a fodya. Ena analowera ku migodi ya Kitwe ndi Luanshya, ena ku Broken Hill ndi ku Lusaka, ena mpaka ku Joni. Munthu akalandira malipiro, ulendo wa ku situdiyo unali wosalephera. Ankavala suti, nthawi zina yobwereka, n'kuima pafupi ndi wailesi kapena kugwira chiwongolero cha njinga, wotchi ikuonekera bwino padzanja, nkhope ili duu osamwetulira. Kachithunziko kankapita kumudzi pamodzi ndi kalata, kuti amayi ndi amalume aone kuti mwana wawo ali moyo ndipo sanasanduke mtchona.

Tizithunzi totere tikadalipo m'mabokosi achitsulo, m'kati mwa Baibulo, kapena pakhoma m'mafelemu a galasi losweka. Ndipo popeza mafoni tsopano amabweretsa nkhani za zithunzi zogulidwa mamiliyoni, sikulakwa mdzukulu kufunsa ngati cha agogo chingagulidwenso chimodzimodzi. Yankho loona lifunika kuyamba ndi mitengo yeniyeniyo.

Mtengo waukulu kuposa yonse umene chithunzi chinagulidwapo pa okushoni ndi madola 12.4 miliyoni, a chithunzi cha Man Ray cha mu 1924 chotchedwa Le Violon d'Ingres, ku Christie's ya ku New York mu Meyi 2022. M'mwezi wa Novembala chaka chomwecho, chithunzi cha Edward Steichen cha nyumba ya Flatiron ku New York, chojambulidwa mu 1904, chinagulidwa madola 11.8 miliyoni kuchokera m'katundu wa malemu Paul Allen. Koma izi ndi za kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo mapepala ake alipo owerengeka. Zithunzi za m'misewu za pakatikati pa zaka zimenezo zili pansi ndithu. Cha Dorothea Lange cha anthu anjala ali pamzere wolandira buledi ku San Francisco mu 1933 chinagulidwa madola 822,400 ku Sotheby's mu 2005. Cha Henri Cartier-Bresson cha munthu akudumpha chithaphwi kuseri kwa siteshoni ya sitima ya Saint-Lazare mu 1932 chinafika mayuro 433,000 ku Christie's ya ku Paris mu 2011. Cha Robert Frank cha mu 1955, choonetsa azungu kutsogolo ndi anthu akuda kumbuyo m'mazenera a thiramu ya ku New Orleans, chinapitirira madola 600,000. Cha Diane Arbus cha kamnyamata kogwira bomba lachidole ku Central Park mu 1962 chinagulidwa madola 785,000 mu 2015.

Imeneyi ndi mitengo ya pamwamba penipeni, ndipo n'chifukwa chake imalembedwa m'nyuzipepala. Zithunzi zochuluka za nthawi yomweyo, ngakhale za anthu odziwika, zimagulidwa madola masauzande ochepa, ndipo zina zimabwerera kwa eni ake osagulidwa.

Mlimi wa fodya wa ku Vubwi, amene amamva za okushoni ya ku Kanengo tsidya la malire, sangavutike kumvetsa. Masamba a munda umodzi, othyoledwa ndi manja amodzi, amalowa magiredi osiyana, ndipo belo lina limabwezedwa pamene linzake lagulidwa bwino. Zithunzi nazo zili ndi magiredi ake, ndipo giredi yoyamba imayang'ana nthawi imene pepalalo linatsukidwa. Negetivu imodzi ingathe kubala zithunzi zambirimbiri kwa zaka zambiri. Chimene wojambula anatsuka yekha, kapena anayang'anira kutsuka kwake, pasanapite nthawi yaitali chijambulireni, ndicho ogula amalimbirana. Chotsukidwa patapita zaka 30, ngakhale mwini wake atasainapo, chimatsika mtengo. Chotsukidwa mwini wake atamwalira chimatsikiratu. Arbus anamwalira mu 1971 atatsuka mapepala ochepa chabe a chithunzi chilichonse, ndipo amene Neil Selkirk anatsuka pambuyo pake ndi chilolezo cha banja amagulidwa motsika kwambiri poyerekeza ndi a mwini wake, ngakhale diso la munthu wamba silingaone kusiyana. Cartier-Bresson sankakonda ntchito ya m'chipinda chamdima, ndipo m'zaka zake zomalizira anasaina mapepala ambiri otsukidwa ndi anthu ena. Pepala la mayuro 433,000 lija linali lakale, la mu 1946.

Pamene pali ndalama zotere, chinyengo sichisowa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunadziwika kuti zithunzi zina za Lewis Hine, amene anamwalira mu 1940, zogulitsidwa monga zotsukidwa iye ali moyo, zinali pa mapepala opangidwa iye atamwalira kale. Chinaulula ndi mankhwala oyeretsa amene mafakitale anayamba kuthira m'mapepala a zithunzi m'zaka za m'ma 1950: pepala lotere likaikidwa pansi pa nyale ya ultraviolet limawala mwa mtundu wa buluu. Kuyambira pamenepo ogula akuluakulu amafuna kuti pepala lipimidwe, ulusi wake uonedwe, ndipo kumbuyo kwa chithunzi kumawerengedwa mosamala kuposa kutsogolo: chidindo cha situdiyo, zolemba za pensulo, manambala a nyuzipepala imene inachigwiritsa ntchito, ndi mndandanda wa manja onse amene chinadutsamo.

Kenaka pali dzina. Apa ndi pamene msikawu umaonetsa khalidwe lake lenileni, ndipo nkhani ya Vivian Maier ikuchitira umboni. Mayiyu ankagwira ntchito yolera ana ku New York ndi ku Chicago, n'kumajambula m'misewu kwa zaka zambiri osaonetsa aliyense. Mu 2007, atalephera kulipira malo osungira katundu, mabokosi ake anagulitsidwa pa okushoni yaing'ono ku Chicago, ndipo John Maloof anagula limodzi la manegetivu ndi madola pafupifupi 400. Maier anamwalira mu 2009 ali wosauka. Zithunzi zake sizinasinthe, koma pambuyo pa mabuku, zionetsero ndi filimu ya mu 2013, pepala limodzi linayamba kugulidwa madola masauzande. Dzina limachita kumangidwa ndi nyumba zoonetsera zaluso, osindikiza mabuku, aphunzitsi a m'mayunivesite ndi ogulitsa, ndipo ambiri mwa amenewa ali ku New York, London ndi Paris.

Ndalama yolengezedwa m'nyuzipepala si imene mwini katundu amalandira. Wogula amawonjezera chindapusa cha nyumba ya okushoni, chimene pa mitengo yotsikirapo chimakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo kawirikawiri nambala yolengezedwa imaphatikiza chimenechi. Wogulitsa nayenso amadulidwa yake, kuwonjezera pa inshuwalansi ndi zonyamulira. Wojambula mwini, ngati chithunzicho anachigulitsa kalekale, ku America salandira kanthu. Ku France lamulo lomupatsa kagawo kochepa pa kugulitsidwanso kwa ntchito yake lilipo kuyambira mu 1920, ndipo ku Britain linayamba mu 2006.

Nanga za ku Africa? Nkhani yoyenera kuimvetsa bwino ndi ya Seydou Keïta wa ku Bamako, m'dziko la Mali, chifukwa situdiyo yake sinali yosiyana ndi zimene amuna a ku Katete ankalowamo ku Salisbury. Anaitsegula mu 1948, ndipo kwa zaka pafupifupi 15 ankajambula anthu a mumzindawo atavala bwino, ena atagwira wailesi, ena atatsamira njinga yamoto ya Vespa kapena galimoto yake, kumbuyo atapachika nsalu ya maluwa. Makasitomala ankatenga timapepala ta masentimita 13 m'lifupi ndi 18 m'litali. Mu 1991 zithunzi zake zingapo zinaonetsedwa ku New York pa chionetsero cha Africa Explores zitalembedwa kuti wojambula wake sadziwika. Jean Pigozzi, munthu wachuma wosonkhanitsa zaluso za ku Africa, ataziona anatuma André Magnin ku Bamako kukamufunafuna. Anamupeza mothandizidwa ndi wojambula mnzake Malick Sidibé, ndipo Magnin anabwerera ku Paris ndi manegetivu 921. Mu 1994 Keïta anaonetsedwa ku Fondation Cartier ku Paris, ndipo mu 1997 ku Gagosian ku New York, kumene zithunzi zake zinakulitsidwa mpaka kuposa mita, zina n'kugulidwa madola 16,000 chimodzi. Keïta anapezapo ndalama ndi ulemu umene sanauyembekezere. Koma asanamwalire mu 2001 anasemphana ndi anthu amene ankasunga manegetivuwo, n'kusankha womuimira wina, ndipo mkangano wa mwini manegetivu ndi wa mapepala oyenera kutchedwa enieni unapitirira m'makhoti iye ali m'manda.

Pali chinthu chimodzi pa nkhaniyi chimene sichiyenera kudutsa mwakachetechete. Kwa Doisneau ndi Cartier-Bresson, kapepala kakale ndiko kanali ndi mtengo. Kwa Keïta msika unayamba ndi mapepala atsopano, aakulu, otsukidwa ku Ulaya, pamene timapepala takale tinali m'nyumba za mabanja a ku Bamako. Phindu linatsata negetivu, ndipo negetivu inali itachoka. Anthu a m'zithunzizo, amene analipira kuti ajambulidwe, ambiri anapachikidwa m'makoma a ku Ulaya popanda maina awo. Mayi Bornet anatchulidwa dzina m'nyuzipepala za dziko lonse. Amayi a ku Bamako analembedwa kuti chithunzi chopanda dzina.

Sidibé, amene ankajambula achinyamata akuvina m'maphwando a usiku ku Bamako m'zaka za m'ma 1960, analandira mphotho ya Hasselblad mu 2003 ndi ya Golden Lion ku Venice mu 2007. Kuno kumwera, magazini ya Drum ya ku Johannesburg inalera Jürgen Schadeberg, Bob Gosani, Peter Magubane ndi Ernest Cole. Cole anajambula mobisa amuna olembedwa ntchito ya m'migodi ali maliseche pamzere, manja m'mwamba, akupimidwa ndi dokotala, ndipo mwa amuna amene ankadutsa m'mizere yotere munali ambiri olankhula Chinyanja. Buku lake la House of Bondage linatuluka mu 1967 n'kuletsedwa kwawo. Iye anafera ku New York mu 1990 alibe kanthu, ndipo mu 2017 manegetivu ake pafupifupi 60,000 anapezeka m'chipinda chosungiramo chuma cha banki ina ku Stockholm. Ku Mozambique, Ricardo Rangel anajambula moyo wa usiku wa mu msewu wa Rua Araújo ku Lourenço Marques, kenaka mu 1983 anatsogolera sukulu ya ojambula ku Maputo imene imasunganso zithunzi za dzikolo. Ntchito za anthu amenewa zimagulitsidwa ku Strauss & Co ndi ku Aspire ku South Africa, komanso ku London ndi Paris, koma mitengo yake ili kutali ndi ya Arbus kapena Frank. Palibe amene angayang'ane chithunzi cha Cole cha kumigodi n'kunena moona mtima kuti luso lake ndi lochepa. Chochepa ndi chiwerengero cha anthu achuma olimbirana mbiri imeneyi.

Ku Zambia ntchito yomanga maina yayamba posachedwa. Ku Lusaka, Sana Ginwalla anapeza mulu wa zithunzi ndi manegetivu amene eni ake sanabwere kudzatenga ku Fine Art Studios, imodzi mwa masitudiyo akale a mumzindawo, n'kuyambitsa nkhokwe yotchedwa Zambia Belonging. Mwa ntchito yomweyo anthu adziwanso Alick Phiri, amene anaphunzira kujambula m'situdiyo ya Mmwenye m'zaka za m'ma 1960, kenaka n'kutsegula Kwacha Photo Studio ku Kanyama. Zithunzi zake za anthu ataima m'misewu ya Lusaka zatuluka m'buku la Lusaka Street. Chosangalatsa n'chakuti dzina lake lalembedwa iye ali moyo, ndipo olilemba ndi anthu a mumzinda womwewo.

Tsono chithunzi cha agogo cha ku Salisbury chingagulidwe zingati? Pa msika wa lero, ndalama yochepa kwambiri. Wojambula wake sadziwika, kapepalako n'kakang'ono, kapindika, mphemvu zadya m'mphepete, ndipo palibe buku kapena chionetsero chimene chinakatchula. Munthu amene angafike pamudzi n'kulonjeza mamiliyoni ndi wabodza. Koma amene angafike ndi makwacha ochepa n'kupempha bokosi lonse, makamaka la manegetivu a situdiyo yakale, ndiye woyenera kumufunsa mafunso ambiri, chifukwa kachithunzi kamodzi n'kopanda mtengo pamene ntchito yonse ya wojambula mmodzi, yokhala ndi maina ndi zaka, ndiyo imene imasanduka chuma ikafika m'manja mwa odziwa msika.

Zithunzi za m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi zilinso m'manja ena. Amishoni a Dutch Reformed amene anatsegula Nyanje mu 1905 ankajambula, chimodzimodzinso a chipatala cha St Francis ku Katete chimene chinayamba mu 1948. Max Marwick, amene anafufuza za moyo wa Achewa a dera lino m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 n'kutulutsa buku lake mu 1965, anali mmodzi mwa akatswiri akunja amene anakhala m'midzi ndi zolembera zawo. Boma la atsamunda linali ndi nthambi yofalitsa nkhani yokhala ndi ojambula ake, ndipo zambiri za nthawiyo zimasungidwa ku National Archives of Zambia ku Lusaka ndi ku Livingstone Museum. Koma kamera ya mmishoni ndi ya boma inkajambula munthu monga wodwala, wophunzira kapena wamsonkho. M'situdiyo ya ku walale munthu ankasankha yekha chovala, kaimidwe ndi chogwira m'manja, ndiponso ankalipira yekha. N'chifukwa chake timapepala ta m'mabokosi tili ndi umboni umene nkhokwe za boma zilibe.

Pali malire ena amene msika sudziwa koma Mchewa amawadziwa. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, wajambulidwa ndi alendo kwa zaka zambiri, ndipo zithunzi zina zakale zimaonetsa za kudambwe zimene siziyenera kuonedwa ndi munthu wosalowa. Nyumba ya okushoni imafunsa ngati pepala ndi lenileni. Sifunsa ngati eni mzinda analola. Nkhani yotere malo ake ndi kwa mafumu ndi ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, kumene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakumana pa Kulamba kumapeto kwa Ogasiti chaka chilichonse, ndipo kumeneko kumafikanso okalamba amene angathe kuzindikira nkhope za m'zithunzi za m'ma 1950.

Okalamba amenewa akutha, ndipo chiswe sichidikira. Zimene banja lingachite sizifuna ndalama. Chithunzi chisamatidwe m'pulasitiki yotenthetsa ija ya m'masitolo osindikiza, chifukwa ikagwira sichimatukanso ndipo kutentha kumaononga pepala. Chisapakidwe guluu kapena selotepi, chisapachikidwe pamene dzuwa limawomba kapena pamene utsi wa kukhitchini umafika, ndipo bokosi lisakhale pansi pa simenti kapena padothi nthawi ya dzinja. Kumbuyo kulembedwe ndi pensulo yofewa, osati bolopeni imene inki yake imadutsa: dzina la munthuyo, mfunda wake, mudzi ndi mfumu, mzinda umene anajambulitsa, chaka ngakhale chongoyerekeza, ndi dzina la amene wanena zimenezi. Chidindo cha situdiyo chikakhalapo chisafufutidwe, pakuti ndicho chingalumikize chithunzi cha ku Sinda ndi china cha ku Dedza kapena ku Angónia chotuluka m'kamera imodzi. Foni ijambule mbali zonse ziwiri, kutsogolo ndi kumbuyo.

Ana a anthu amene anali ndi masitudiyo ku Chipata, ku Katete boma kapena m'makomboni a Lusaka ali ndi udindo wokulirapo, poti manegetivu ndiwo amabala. Kugulitsa pepala n'kosiyana ndi kugulitsa ufulu wosindikiza chithunzicho, ndipo ziwirizi ziyenera kulembedwa padera. Wofufuza kapena wogulitsa akapempha kubwereka, pakhale kalata yosainirana pamaso pa mboni yonena chiwerengero cha manegetivu, tsiku lobweza, kukula ndi kuchuluka kwa mapepala amene aloledwa kutsuka pa negetivu iliyonse, gawo la banja pa pepala lililonse logulitsidwa, ndi lonjezo lakuti dzina la wojambula ndi la wojambulidwa lidzalembedwa pansi pa chithunzi kulikonse kumene chidzapachikidwe. Makope a pakompyuta atsale kunyumba manegetivuwo asanakwere basi ya ku Lusaka.